Boti silipita pa filing'i, koma nalo lili pa mzere

Dzuwa likamapendeka pa doko masiku ano, funso loyamba silikhalanso la mphepo. Kale tinkayamba tayang'ana kumwera kuti tione ngati mwera wagona, kenako n'kuwerenga mwezi kuti tidziwe ngati usiku ukhale ndi mdima wokomera kauni. Lero tisanakweze maso kumwamba timayamba tagwedeza chigubu. Mwatsala malita angati? Atifikitsa pamene pali usipa n'kutibweza? Akapanda kukwana, chilimira chigona pamchenga, anyamata okoka abwerera kwawo chimanjamanja, ndipo m'mawa mwake amayi amene anakongola ndalama ya geni aima pafupi ndi matandala opanda kanthu. Boti limodzi likasowa petulo, mabanja khumi ndi mphambu sadya bwino tsiku limenelo.

Ambirife timalitenga vuto la mafuta ngati chimfine: labwera, tipirire, lipita. Koma tiyeni tiwerenge bwino. Mizere ya mu 2011, imene inali chimodzi mwa zifukwa za zionetsero za pa 20 Julayi chaka chimenecho, inatha. Inabweranso mu 2022, inabweranso mu 2023, ndipo chakumapeto kwa 2024 galimoto zinkagona pa filing'i masiku angapo. Chinthu chobwerabwera chotere si chimfine ayi. N'chifukwa chake m'kope lino tati tikhale pansi, tifunse kuti ludzu la mafutali likuchokera kuti, ndipo ife a m'mbali mwa nyanja taima pati pa mzere umenewu.

Akumwa ndani?

Dziko lonse lapansi limagwiritsa ntchito migolo ya mafuta pafupifupi 100 miliyoni tsiku lililonse, ndipo mgolo umodzi ndi malita 159. Oposa theka la mafuta amenewa amathera pa kuyendetsa zinthu: galimoto, malole, ndege, sitima, njinga zamoto ndi maboti ngati athuwa. Kwa zaka zambiri amene ankamwa kwambiri anali mayiko olemera a ku Ulaya, America ndi Japan. Koma kumeneko pafupifupi aliyense wofuna galimoto ali nayo kale, anthu sakuchulukanso kwenikweni, ndipo injini zawo zatsopano zimamwa pang'ono. Ludzu lawo linaima. Limene likukula ndi la mayiko ongotukuka kumene. China inapitirira America pa kugula galimoto zatsopano mu 2009, ndipo cha m'ma 2013 ndi 2014 mayiko ongotukuka kumene onse pamodzi anayamba kumwa mafuta ambiri kuposa mayiko olemera aja.

Tikamva za China timaona ngati n'zakutali. Koma taimani pa siteji ya Mangochi, pa Kamuzu Road ku Salima kapena pa boma la Nkhotakota, muwerenge zimene zikudutsa. Zaka khumi ndi zisanu zapitazo, munthu akati kabaza ankanena mnyamata wa njinga yakapalasa, thukuta lili kamukamu, mafuta ake ndi nsima basi. Lero kabaza ndi njinga yamoto yochokera ku China kapena ku India, ndipo yafika m'midzi imene minibasi sinapondemo chiyambire. Si kuno kokha: ku Uganda ndi ku Kenya amaitcha boda boda, ku Nigeria okada. Onjezani ma Sienta ndi ma Probox ogwiritsidwa kale ntchito ku Japan, amene amatsikira pa doko la Dar es Salaam n'kudzasanduka matakisi kuno. Onjezaninso anthufe. Kalembera wa 2008 anapeza anthu 13 miliyoni m'Malawi, wa 2018 anapeza 17.5 miliyoni, ndipo boma la Mangochi lokha linali ndi anthu oposa 1.1 miliyoni. Aliyense mwa amenewa tsiku lina afuna kupita kuchipatala, kumsika, kumaliro kapena kuukwati.

Panyanja nkhani ndi yomweyo, kungoti siilembedwa kawirikawiri. Akuluakulu amakumbukira nthawi imene chambo chinkagwidwa munthu akuona denga la nyumba yake, ndipo nkhafi zinkakwanira. Nsomba za m'mbali zitachepa tinayamba kulowa pakati. Kulowa pakati kumafuna boti la matabwa, boti la matabwa limafuna injini, injini imafuna petulo ndi oyilo. Ndiye pali chowawa china apa: nsomba zikamachepa, mafuta amene timawotcha pozifunafuna amachuluka. Usiku umene usipa wavuta ndi umene timazungulira kwambiri. Injini zathu zambiri ndi zija zosakaniza petulo ndi oyilo, zolimba ndithu, zosavuta kukonza, koma zakumwa zedi. Ya 15 mukaitsegula moto wonse imatha malita pafupifupi 7 pa ola limodzi, ndipo ya 40 imayandikira malita 20. Chigubu chathunthu pa ola limodzi, abale.

Usipa ukafika kumtunda sunamalize kumwa. Uuma pathandala, ulowa m'matumba, ukwera njinga yamoto mpaka pamsewu, ukwera lole kapena minibasi mpaka ku Limbe, ku Zomba kapena ku Lilongwe, kenako wina auikanso pa kabaza kupita nawo kumsika wa kumudzi. Chigoba chimodzi chimakwera cha injini katatu kapena kanayi chisanalowe mumphika. Mpunga wa ku Lifuwu kapena wa ku Bua n'chimodzimodzi. Feteleza amalowa pa dizilo, nandolo ndi thonje zimatuluka pa dizilo. Munthu amene alibe galimoto, alibe boti, alibe ngakhale njinga, nayenso amagula mafuta tsiku lililonse, kungoti amawagulira mu mtengo wa sopo, mchere ndi ndiwo.

Tisamveke ngati tikudandaula kuti anthu akuyenda. Njinga yamoto ija ndi imene imafikitsa mayi wapakati kuchipatala usiku, ndipo injini ija ndi imene imabweza anyamata athu amoyo mwera ukawapeza pakati. Limeneli ndi ludzu la anthu ofuna moyo wabwinoko. Ndipotu tikadali poyambira penipeni. Malawi yense amagwiritsa ntchito malita pafupifupi 1 miliyoni a petulo ndi enanso pafupifupi 1 miliyoni a dizilo patsiku. Mukawagawira anthu 20 miliyoni, aliyense alandira gawo limodzi mwa magawo khumi a lita, osadzadza n'komwe kapu ya tiyi. Ku America petulo yekha amakwana malita pafupifupi 4 pa munthu aliyense patsiku. Sitikunena kuti tidzafika pamenepo. Tikunena kuti amene ali pansi chonchi alibe kotsikira. Akangopeza kangachepe agula njinga yamoto kapena injini, ndipo malita a dziko akwera.

Ulendo wa lita imodzi

Malawi alibe chitsime cha mafuta, alibenso fakitale yowayenga. Petulo, dizilo ndi parafini zimabwera pa sitima zapamadzi zoyengedwa kale, n'kutsikira pa madoko a eni ake: Beira ndi Nacala ku Mozambique, ndi Dar es Salaam ku Tanzania. Kuchokera ku Beira thankala imayenda makilomita pafupifupi 800 kudzera ku Tete ndi ku Mwanza kuti ifike ku Blantyre. Ya ku Dar es Salaam imayenda pafupifupi 1,500 kudzera pa Songwe kuti ifike ku Lilongwe. Ena ochepa amabwera pa njanji ya Nacala, ija imalowera pa Nayuchi n'kudutsa pa Liwonde. Thankala imodzi imanyamula malita 30,000 kapena kuposerapo, kutanthauza kuti dziko lino limafuna mathankala oposa 50 tsiku lililonse, popanda tchuthi. Oitanitsa akuluakulu ndi awiri: Petroleum Importers Limited, umene ndi mgwirizano wa makampani ogulitsa mafuta, ndi kampani ya boma ya NOCMA, imene imasunganso nkhokwe za mafuta ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu. Nkhokwezo zikadzadza zimasunga malita 60 miliyoni. Akumveka ambiri, eti? Pa kamwedwe kathu ka lero ndi a mwezi umodzi basi.

Njira yaitali chonchi imaduka mosavuta. Namondwe wa Idai anasakaza Beira mu Malichi 2019, ndipo zipolowe zimene zinatsatira chisankho cha ku Mozambique cha mu Okutobala 2024 zinaimitsa malole m'njira. Koma chimene chimadula mafuta kawirikawiri si msewu ayi, ndi dola. Wogulitsa wa kunja salandira kwacha. Mafuta okha amafuna madola pafupifupi 600 miliyoni pachaka, pamene msika wa fodya, umene ndi gwero lalikulu la ndalama zakunja, unabweretsa madola osakwana 400 miliyoni mu 2024. Tiyi, shuga, mbewu za nyemba ndi thandizo la mayiko akunja zimaonjezera, koma feteleza ndi mankhwala nazo zili pa mzere wa madola womwewo. Msika wa fodya umatsegulidwa cha mu Epulo n'kutsekedwa mvula isanayambe. N'chifukwa chake mizere imakonda kutalika chakumapeto kwa chaka, madola a fodya atatha ndipo feteleza akuitanitsidwa, nthawi yomwe ifenso tikudalira nyanja kuti itipatse ndalama za mbewu ndi zolipira aganyu. Apa ndiye pagona nkhani yonse: ofuna mafuta akuchuluka chaka ndi chaka, koma zimene timagulitsa kunja sizikuchuluka pa liwiro lomwelo.

Madola akasowa kwacha imagwa, ndipo mtengo wa mafuta umatsatira. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, nkhondo ya ku Ukraine itakweza kale mgolo kupitirira madola 100, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mwezi womwewo bungwe la MERA, limene limaika mitengo ya mafuta, linakweza petulo kuchoka pa K1,746 kufika pa K2,530 pa lita, ndipo dizilo anafika pa K2,734. Mu Okutobala 2025 petulo anafika pa K3,499. Tiyeni tiwerengere m'chigubu, poti ndi mmene ife timagulira. Chigubu cha malita 20 chimene chinali K34,920 chinafika pa K50,600, kenako pa K69,980. Kuwirikiza kawiri pa zaka ziwiri, oyilo tisanawerenge, wa kabaza wokatenga chigubucho tisanamulipire. Kodi phindu lotsala m'manja mwa msodzi pa chigoba cha usipa linawirikizanso kawiri? Aliyense ayankhe ndi kope lake.

Pali china chimene zaka ziwiri zimenezo zinatiphunzitsa, ngakhale chili chovuta kumeza. Kuyambira Novembala 2023 mpaka Sepitembala 2025 mtengo wa pa pampu sunasinthe, ngakhale pali ndondomeko yoti uziunikidwa pamene ndalama zobweretsera mafuta zasintha ndi 5 peresenti. Papepala zinali zokomera osauka. Koma oitanitsa ankagulitsa motsika kuposa mmene mafutawo awadyera, ngongole zinaunjikana, ndipo mafuta otchipa aja anasowa. Amene ankawapeza pa mtengo wa boma ndi amene anali ndi galimoto komanso nthawi yogona pamzere. Ife a kunyanja tinkagula m'mabotolo a m'mbali mwa msewu pa mtengo wowirikiza kawiri, nthawi zina katatu, ena osakanizidwa ndi parafini. Kukwera kwa mtengo kumapweteka, sitikukana, koma kwa munthu wa pa doko lakutali mtengo wa pa chikwangwani cha filing'i youma unali nkhani ya pa wailesi chabe.

Sitili tokha m'vutoli. Nigeria, dziko lokumba mafuta lenileni, kwa zaka zambiri linkagula petulo woyengedwa kunja n'kumamugulitsa motchipa boma likuphimba kusiyana kwake, mpaka Pulezidenti Bola Tinubu analengeza pa 29 Meyi 2023 kuti thandizolo latha. Mtengo unawirikiza pafupifupi katatu m'masiku ochepa. Sri Lanka, chilumba cha asodzi ambiri kumwera kwa India, anatheratu madola mu 2022. Mafuta anayamba kugawidwa pa mlingo wa sabata, ndipo maboti ambiri anakhala pamtunda chifukwa chosowa parafini amene injini zawo zimayendera. Nsomba zinali m'madzi, njala ili kumtunda.

Ife a zigubu

Mafuta akavuta kuno, oyang'anira amaletsa kugula m'zigubu popanda chilolezo. Cholinga chake n'chomveka: kuthana ndi aja amagula pa pampu m'mawa n'kukagulitsa kuseri masana. Koma boti silikwera msewu kukaima pa filing'i. Chigayo cha dizilo sichipita, pampu ya kudimba siipita. Kwa ife chigubu si chinyengo, ndi thanki. Lamulo lolembedwa poganizira galimoto limamuika mwini chilimira m'gulu limodzi ndi wa bulaki maketi, ndipo mapeto ake limamukankhira kwa wa bulaki yemweyo. Chilolezo chilipo inde, koma ndi angati pa doko lanu amene anachigwirapo m'manja? Vuto lathu lalikulu ndi loti ludzu lathu silioneka. Mzere wa galimoto umajambulidwa n'kutuluka m'nyuzipepala. Maboti makumi awiri ogona pamchenga ku Msaka, ku Malindi kapena ku Makanjira saoneka ngati mzere. Amangooneka ngati asodzi akupuma.

Komanso mu mtengo wa lita iliyonse muli misonkho ingapo, wina wokonzera misewu, wina wofikitsira magetsi kumidzi. Taganizani: lita imene yapsera pakati pa nyanja, pamene palibe phula ngakhale dzenje, nayo yalipira msewu. Sitikukana kulipira, poti nsomba zathu zimayenda pamsewu womwewo. Tikungoti amene walipira ali ndi ufulu wofunsa za msewu wa kudoko kwake, umene nthawi ya dzinja lole imakana kulowamo, ndipo ikalowa imalipiritsa kawiri chifukwa cha dizilo wothera m'matope.

Chinthu chimodzi chimene dziko lino linayamba kalekale, ena ambiri mu Africa asanachiganizire, ndi ethanol. Kuyambira 1982 fakitale ya Ethco ku Dwangwa, m'mbali mwa nyanja yomweyi, imapanga ethanol kuchokera ku manyuchi otsala popanga shuga, ndipo ya PressCane ku Chikwawa inayamba mu 2004. Ethanol ameneyu amathiridwa mu petulo amene timagula. Cholinga ndi magawo 20 pa 100 aliwonse, koma manyuchi sakwanira, choncho nthawi zambiri amachepera apo. Lita iliyonse ya ethanol ndi lita imene sitinaigule ndi dola, ndipo mlimi wa nzimbe wa ku Nkhotakota ali ndi gawo pamenepo. Koma ife a maboti tidziwe khalidwe lake: ethanol amakoka madzi. Petulo wosiyidwa masabata m'chigubu chosatseka bwino pamalo achinyezi amamwa chinyezicho, madzi n'kukhazikika pansi, ndipo injini imayamba kutsokomola pakati pa nyanja. Timathamangira kunena kuti atigulitsa oipa, pamene nthawi zina tawaononga tokha.

Zimene zili m'manja mwathu

Dola sitingaipange pa doko. Koma tisaiwale kuti tinasinthapo kale. Si kale kwambiri pamene kauni ankadalira nyali zopopa za parafini, siginala akulimbana ndi magalasi osweka usiku wonse. Lero ambiri ali ndi mababu a LED ndi batire yotchajidwa ndi sola kapena magetsi. Palibe anatikakamiza. Tinawerenga tokha n'kuona kuti parafini akutidya. Zoti kuwala kwa mababuwa kukuichita chiyani nyanja ndi nkhani ina, yofunika kope lakelake. Apa tikungokumbutsana kuti mafuta amtundu umodzi tinawachotsa pa bajeti ndi manja athu.

Petulo wa injini sitingamuchotse lero, koma tingamuchepetse, ndipo poyambira ndi pa dzanja la woyendetsa. Boti la matabwa lodzadza ukonde ndi anthu siliuluka pamwamba pa madzi ngati timaboti ta alendo ta ku Cape Maclear. Limakankha madzi. Likafika pa liwiro lina, moto woonjezera umangokumba dzenje kumbuyo n'kukweza mafunde, boti osathamanga kwenikweni. Gawo lomaliza la moto ndi limene limamwa kwambiri n'kubweza zochepa. Kubweza dzanja pang'ono, cha pa magawo atatu mwa anayi, kumachedwetsa mphindi zingapo koma kumasiya malita m'thanki. Vuto n'loti woyendetsa nthawi zambiri si amene wagula mafuta, ndipo anyamata amakonda mpikisano potuluka pa doko, aliyense kufuna kuti injini yake imveke. Musatikhulupirire ife. Yesani nokha: ulendo umodzi wa moto wonse, wina wa moto wobweza, malo omwewo, nyanja ili bata, n'kuyeza ndi botolo zimene zatsala. Mukaona kusiyana, mwina n'kwanzeru kugwirizana kuti gawo la zopulumutsidwazo lizipita kwa woyendetsa. Koma mwera ukadzuka, tsegulani wonse. Pamenepo sitiwerenga malita. Ndipo obwerera nawo asamasowe m'boti, ngakhale mafuta adule bwanji.

Zina ndi zimene makaniki aliyense wa pa doko amatiuza, ife n'kumati tidzaona mawa. Pulopela yopindika kapena yokumbika m'miyala imamwa mafuta. Pansi pa boti pomera ndere pamamwa mafuta. Madzi osakapa m'boti ndi katundu amene mukulipirira ulendo. Pulagi yakuda ndi kabuleta yotsekeka nazo zimadya mwakachetechete. Oyilo ayezedwe ndi muyezo, osati ndi maso. Pa injini zambiri ndi gawo limodzi la oyilo pa magawo 50 a petulo, koma onani buku la injini yanu. Wochuluka amadetsa pulagi, wochepa amapha injini, ndipo injini yatsopano imagulidwa ndi dola lomwe lija. Petulo wa m'mabotolo muzimusefa ndi nsalu yoyera. Ndipo chonde, azibambo ndi azimayi, chigubu chisagone m'nyumba mmene mukugona ana. Nthawi ya mizere timakonda kubisa mafuta kuchipinda poopa akuba. Nthunzi ya petulo imayenda pansipansi n'kukapeza mbaula kapena koloboyi patali ndithu.

Kumtunda nako timataya. Amayi asanu a geni aliyense ndi kabaza wake, matumba awiriawiri, ulendo umodzi womwewo wa kumsewu. Alimi a mpunga a mudzi umodzi aliyense kufunafuna yekha wonyamula. Malita amene amatha pa maulendo asanu ang'onoang'ono ndi ambiri kuposa a galimoto imodzi yodzadza, ndipo imene yabwera kudzatenga nsomba ingabwere ndi feteleza kapena ufa m'malo mobwera yopanda kanthu. Zimafuna kukhulupirirana, ndipo tikudziwa kuti m'magulu ena chikhulupiriro chinathawa ndi msungichuma. Komabe masamu ake sasintha.

Chodabwitsa n'choti tikukhala m'mbali mwa msewu wotchipa kuposa yonse. Madzi amanyamula katundu wolemera ndi mafuta ochepa kuposa phula. M'zaka za m'ma 1980, nkhondo ya ku Mozambique itatseka njanji za Beira ndi Nacala, dziko lino linakonza njira ya kumpoto yoti katundu ndi mafuta ochokera ku Dar es Salaam azikwera sitima pa Chilumba n'kudzatsikira pa Chipoka, pamene pali njanji. Ilala yakhala ikuyenda pa nyanjayi kuyambira 1951. Lero mathankala ndi malole amapanikizana pamsewu wa m'mbali mwa nyanja, nyanjayo ili pambali ikungoyang'ana.

Ena afunsa za magetsi. Ethiopia, dziko lopanda doko ngati lathu ndipo lovutikanso ndi madola, linaletsa mu 2024 kuitanitsa galimoto za anthu wamba zoyendera petulo ndi dizilo. Ku Kigali, likulu la Rwanda, kuyambira Januwale 2025 salembetsanso njinga zatsopano za kabaza zoyendera petulo. Pa nyanja ya Victoria, ku Mbita m'dziko la Kenya, asodzi ena a omena, kansomba kofanana ndi usipa wathu, ayesapo injini za batire zobwereka, zotchajidwa ndi dzuwa masana. Kuno dzuwa tili nalo, ndipo malo opangira magetsi a dzuwa a ku Nanjoka ku Salima, a mamegawati 60, anayamba kugwira ntchito mu 2021. Koma mabatire nawo amagulidwa ndi dola, madoko ambiri alibe mawaya, ndipo boti lolowa pakati usiku wonse silingadalire batire yosadziwika mphamvu yake. Mmene tikuonera, njinga za kabaza ndi zimene zidzayambe kusintha, maboti adzatsatira mochedwa. Musagulitse Yamaha yanu chifukwa cha zimene mwaona pa foni.

Chimene tingachite chaka chino chomwe n'choti tioneke. Dipatimenti ya za usodzi imawerenga maboti ndi zida m'madoko, koma funsani pa doko lanu kuti ndani angatchule malita amene maboti onse amafuna pa sabata. Mudzamva manambala asanu osiyana. Komiti ya pa doko, BVC ija, ikhoza kutenga kope limodzi n'kulemba mwini injini aliyense, kukula kwa injini yake ndi malita ake a pa sabata, n'kuonjezera zigayo ndi mapampu a kudimba a m'mudzimo. Pepala limenelo, litasainidwa ndi amfumu, lipite ku ofesi ya za usodzi, kwa bwanamkubwa ndi kwa mwini filing'i yapafupi, ndi pempho lomveka: kuti mafuta akavuta pakhale tsiku ndi mlingo wa zigubu za olembedwa m'kopemo, ndipo chilolezo chipemphedwe ngati gulu, osati mmodzimmodzi. Kope lomwelo lidzatitetezanso kwa aja amadzitcha asodzi mizere ikayamba, pamene sanakwerepo boti. Nthawi yabwino yolembera ndi nyengo ya mwera, maboti ambiri ali pamtunda ndipo eni ake akupezeka, osati mu Novembala mathankala atayamba kale kuchedwa.